Muvi wa Mkazi Wamasiye

Mwamuna wanga Nalbe anagwa pathanthwe la njuchi m'nyengo imene zinkhoma, agwape a m'miyala aja, zimatsika m'mapiri. Anapita kukafula uchi ndi mng'ono wake Biur. Monga ankachitira nthawi zonse, Nalbe ndiye anatsika ndi chingwe, dengu kumsana, muuni wa utsi kudzanja, ndipo Biur anatsala pamwamba atagwira chingwecho. Dzuwa lisanafike paliwombo Biur anatulukira kumisasa ali yekha. Nkhope inali itatupa moti maso sankaoneka, ndipo zikhatho zake zinali zitasupuka, nyama yofiira ili poyera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, achimwene agwa." Kenako anangoti pansi khu!

Nalbe tinakamutola kumunsi kwa chigwa, pakati pa miyala ya mumtsinje. Mmene tinamupezera sindinena. Tinamugoneka cham'mbali m'dzenje, mawondo atapindidwa, n'kumuwaza katondo. Uta wake tinamugwiritsa titamasula nsinga, kuti akatisowa asadzatilase.

Biur ankanena zimodzimodzi kwa aliyense womufunsa. Mphepo inatembenuka, utsi unachoka pamphako, njuchi zinatuluka zonse pakamodzi. Nalbe anayamba kuphiriphitha m'malere, chikhomo chimene chingwe chinakulungidwapo chinazuka, ndipo chingwecho chinamuwotcha m'manja mpaka chinapulumuka. Anthu ankamvetsera, ankagwedeza mitu, koma akangochoka pamenepo ankakumbutsana za ndewu ija.

Ndewuyo inayamba chifukwa cha anthu a nkhosa. Anthu amenewa anafika kuchidikha, kumene mtsinje wathu umatuluka m'mapiri. Ankawotcha nkhalango n'kufesa mbewu ya udzu wawo, imene amapera pamwala n'kuphika phala. Ife tinkangowaonera patali, tikuseka anthu oyenda tsiku lonse pambuyo pa nyama osaipha. Koma Biur ankatsikako, mpaka anapezako mkazi. Ankabwera akununkha mkaka. Ndiye chilimwe china madzi atasowa, anatsogolera nkhosa za apongozi ake ku kasupe wa patsinde pa thundu, amene makolo athu sanamuonetsepo mlendo. Ife pofika tinapeza matope ndi ndowe zokhazokha, nswala zitasamuka. Nalbe anamumenya mng'ono wakeyo pamaso pa anthu mpaka kumugulula dzino, ine ndikuthandiza kutukwana. Biur sindinkamukonda, ndipo sindinamukondepo.

Maliro atatha kunabwera amalume anga a Sosin, osunga mivi ya makolo. Anali munthu wonenepa, wanthabwala, woti ana ankawakwera paphewa iwo akuseka. Anandipeza ndikupala chikopa, nkhwali yowotcha ili m'manja mwawo.

"Mwana wa mlongo wanga, waonda ngati nsinga ya uta. Kwaya, idya."

"Mwabwera ndi nkhwali kapena ndi mawu, amalume?"

"Zonse. Yamba nkhwaliyo, mawu sazizira."

Ndinadya, pakuti njala inalipo. Iwo anakhala pamwala akudandaula za mawondo awo, ndipo nditanyambita zala anati, "Akulu onse agwirizana. Mtolo utuluka."

Mtolowo umakhala ku Phanga Lofiira, kumene makolo anajambula nswala ndi amuna othamanga ndi mauta. Umasungidwa mumng'alu wa mwala, utakulungidwa m'chikopa cha mmbulu. Moto uliwonse, ndiye kuti banja lililonse, uli ndi muvi wake mmenemo. Mabango ake amasinthidwa akafumbwa, nthenga nazo zimasinthidwa, koma nsonga ndi zomwe zija za kalekale, za mwala wakuda wonyezimira ngati diso la khwangwala, umene supezeka m'mapiri mwathu. Miviyi siilasa nyama. Imatuluka mnyamata akamapatsidwa uta wake woyamba, kuti amugunditse nayo pachifuwa, ndiponso munthu akapha magazi ake omwe. Pamenepo moto uliwonse umaponya muvi wake, onse pakamodzi, kuti imfayo ikhale ya makolo osati ya munthu. Ukasowa muvi ngakhale umodzi ndiye kuti makolo sanavomere, ndipo wolasayo ndi wakupha monga wakupha wina aliyense. N'chifukwa chake wokana kuponya amakaima pamene waima wolakwayo, muvi wake n'kuponyedwa ndi wosunga mtolo. Ndinaziona kamodzi ndili mtsikana. Ndimakumbukirabe kulira kwa nsinga zonse pakamodzi.

"Nalbe sanasiye mwana wamwamuna," anatero a Sosin. "Muvi wa moto wake ndi wako. Uta umautha kuposa amuna ena amene sindiwatchula. Udzaima pafupi ndi ine."

"Anaona ndani kuti Biur anataya chingwe dala?"

"Thanthwe linaona."

"Ndiye thanthwelo lidzaponye."

Anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Pakamwa pa mayi ako penipeni! Tamvera, Aunin. Chilimwe chatha Biur anawapatsa kasupe anthu a nkhosa aja. Chikubwerachi adzawapatsa chigwa chonse, ndipo iwe ndi ine tizidzayenda pambuyo pa nkhosa tikununkhiza zimene zimasiyazo. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."

"Ndiye mukumuphera kasupe kapena mwamuna wanga?"

"Nswala ikagwa sitifunsa muvi umene unayamba kulowa."

"Mlandu wa kasupe ulibe mivi, amalume, inu mukudziwa. Mwasowa pogwira, ndiye mwabwereka mtembo wa Nalbe."

Kuseka kunatha, koma sanakalipe. A Sosin sankakalipa. Anandisisita pamutu ngati kamwana n'kuti, "N'chisoni chikulankhulachi. Mwezi pokhala wathunthu udzakhala utapola." Anatola mafupa a nkhwali aja n'kumapita akuponyera agalu.

Biur anali atamumangirira pamtengo kunja kwa misasa. Ndinapitako masana, anthu onse akuona. Kutupa kunali kutaphwa, koma m'manja munali mutayamba mafinya, ntchentche zikumuzungulira.

"Ndiyang'ane, iwe. Unataya?"

"Alamu, ndikanataya manja angawa akanakhala chonchi?"

"Munthu akhoza kugwira kaye, kenako n'kukumbukira dzino lake."

"Mkwiyo ndinali nawo, inde. M'mawa uja tikukwera sitinalankhulane. Koma atayamba kukuwa ndinagwira, alamu. Ndinagwira. Sindikudziwa kuti manja anatseguka liti."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti mwina ndiona bodza kapena choona, koma ndinangoona munthu wamantha wonunkha mkodzo. Sindinadziwe tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindikudziwa.

Mbiri yoti ndikuzengereza inafika kwa mwana wanga Neitin, amene anali ndi pakati. Mwamuna wake Tikir anali mlenje wachinyamata wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndiye ankalankhula kwambiri kuti mtolo utuluke. Neitin anabwera pamodzi ndi mlongo wanga Lakur, n'kundipeza ndikumata nthenga pamivi yanga ya nyama.

"Amayi, ingoponyani," anatero Neitin. "Ngati mtima ukukana lasani mwendo, kapena muphonye. Adzadziwa ndani?"

"Ine sindiphonya."

"Ndiye mukufuna mwana wangayu adzabadwe agogo ake atalasidwa ngati nguluwe?"

Lakur anakhala chonjuta, akuzunguza mwala m'manja. Iye ndi munthu wa mawu ochepa. "Chemwali, ukakaima pamalo paja nanenso ndidzakhala pamzere, muvi uli pansinga. Usandichititse zimenezo."

"Uta ndi wanu, achimwene, manja ndi anu. Ine ndikuchititsani chiyani?"

"Anafawo ndi bambo anga!" Neitin anakuwa.

"Ndi mwamuna wanga. Ndinafunda naye chikopa chimodzi iwe usanabadwe. Akanafuna kuti mng'ono wake afe akanamupha yekha tsiku la dzino lija. Bambo ako sankatuma anthu."

Neitin anatuluka akulira. Lakur anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mutu wako unali mwala uli mwana, ukadali mwala." Naye anatuluka.

Tsiku lotulutsa mtolo kunacha kuli mphepo. Tinakwera ku Phanga Lofiira dzuwa likutuluka, amuna patsogolo, akazi ndi ana pambuyo. Pakhomo pa phangalo pali bwalo lamwala, ndipo kumapeto kwa bwalolo n'kuphompho. Tsidya lina la phompho, poti muvi wa munthu wamphamvu n'kufika, ndi thanthwe la njuchi lija. Amuna anali atadzipaka katondo m'miyendo, nthenga kumutu, zingwe zaubweya zikulendewera m'mawondo. Ineyo anandipaka akazi, pakuti mwamuna sapaka mkazi wamasiye. Tinavina pamzere, mauta m'mwamba, tikupondaponda mpaka fumbi linatilowa m'mano. Ndinavina nawo bwinobwino, ndipo ndinaona Neitin akupuma mozama, akuyesa kuti zatha.

A Sosin analowa m'phanga chokwawa n'kutuluka ndi mtolo. Anaumasula pang'onopang'ono, akuitana moto uliwonse ndi dzina lake. Atati, "Moto wa Nalbe," ndinatambasula manja onse awiri. Muviwo unali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Pabango pake panali mzere wokhotakhota ngati njoka, chizindikiro chimene Nalbe ankalemba pamivi yake yonse.

Biur anamuimika kumapeto kwa bwalo, msana kuphompho, manja atamangidwa kumbuyo. Ife tinandanda moyang'anana naye. A Sosin anakweza dzanja.

"Makolo, manja ndi athu, imfa ndi yanu. Kokani!"

Mauta analira kwee. Amuna anakoka. Ine sindinakoke.

"Aunin," anatero a Sosin chamumtima, akumwetulirabe, "dzanja la amalume ako latopa m'mwambamu."

"Litsitseni. Sindiponya."

Kenako ndinakweza mawu kuti ndi akazi omwe kumbuyo amve. "Mwamva nonse? Sindiponya! Amene anaona Biur akutaya chingwe atuluke anene pano, pamaso pa miviyi. Tikir, unaona iwe? Achimwene, munaona? Amalume?" Mphepo yokha inkalira m'nthenga. "Ngati mukumuphera kasupe, nenani kuti ndi kasupe. Mutenge mivi yanu ya nguluwe mumuphe, magazi akhale pamitu panu. Koma dzina la Nalbe mulichotse m'kamwa mwanu."

"Wapenga!" wina anakuwa.

"Akumufuna mlamu wakeyo!" anatero wina kumapeto kwa mzere. "Akufuna amulowe chokolo!"

"Ndikanafuna mwamuna ndikanasankha wa mano onse," ndinamuyankha. Akazi ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga.

A Sosin anatsitsa dzanja lija pang'onopang'ono kuti wina asayese chizindikiro, n'kulitambasulira kwa ine. "Mwambo ukuudziwa, mwana wanga. Bweza muvi, ukaime uko."

Ndinayamba kuyenda kupita kumene kunali Biur, koma muvi sindinabweze. Ndinkamva nsonga zonse zija zikundiyabwa pamsana.

"Aunin! Muvi!" Kanali koyamba kumva a Sosin akukuwa.

Ndinaima pafupi ndi Biur. "Muviwu ndi wa moto wa Nalbe, ndipo moto wa Nalbe ndi ine. Munati thanthwe linaona. Ine ndikuti thanthwe linamupha. Wakupha amene ndikumudziwa ndi ameneyo."

Ndinatembenukira kuphompho, ndinakoka mpaka nsinga kukhudza khutu, n'kutaya. Muviwo unauluka bwino zedi, osagwedezeka. Unakagunda thanthwe pamwamba pang'ono pa mphako ya njuchi. Tinaona kafumbi, kenako tinamva kuti thee! ndipo bango linatsika likuzungulira mpaka mumtsinje. Nsonga imene agogo a agogo athu anaigwira inali itasweka ngati chigoba cha dzira.

Kenako mkazi wina anayamba kulira ngati pamaliro, ena n'kulandira, ndipo mkati mwa kulirako nsinga imodzi inalira. Anali Tikir. Muvi wake unalowa Biur paphewa, pansi pa fupa la khosi, ndipo Biur anagwada, n'kugwa chafufumimba. Ena amati Tikir ankafuna kulasa ine. Iye sananenepo.

Sindinaonepo a Sosin akuthamanga monga anathamangira tsiku limenelo, mimba ikudumpha, manja atatambasula pakati pa mzere ndi ife. "Pansi! Mauta pansi, zitsiru inu! Mtolo ndi woperewera! Aliyense wolasa walasa yekha!"

Mauta anatsika. Ndinayang'ana Lakur ndipo ndinaona kuti wake muvi sunali n'komwe pansinga, anali ataugwira pamodzi ndi uta ngati nkhuni.

Nkhope ya Tikir inachita ngati phulusa, pakuti anazindikira chimene wachita. Biur akafa, ndiye kuti Tikir wapha bambo aang'ono a mkazi wake ndi dzanja lake, makolo osavomera. Munthu wotero moto wake umazimitsidwa, iye ndi mkazi wake n'kupirikitsidwa, ndipo chisanu chinali pafupi. Motero anthu omwe aja anakwera phiri kudzapha Biur anamunyamula potsika ngati akunyamula mazira. A Sosin anang'amba okha ndi mpeni wamwala n'kutulutsa nsonga ija, akumuuza kuti, "Limba, mwana wanga, limba." Pabalapo anathira uchi n'kumata utomoni. Akazi ankasinthana kumupirikitsira ntchentche. Tikir ndiye ankamusakira nkhwali ndi kumuphikira msuzi. Tsiku lina ndinamupeza atagwada, akuuzira msuzi kuti uzizire, akuti, "Imwani pang'ono, bambo." Ndinaseka mokweza. Neitin anandimva, ndipo kuyambira pamenepo sanandilankhulenso.

Kwa ine panalibe wobwera. Ndikapita kumtsinje akazi ankanyamula zikopa zawo zamadzi n'kusunthira kumtunda. Ana anauzidwa kuti asaponde mthunzi wanga. Ndinkadya ndekha zimene ndapha ndekha, ndipo ndinkadya panja, kuti aone kuti sindikuonda.

Biur atayamba kuyenda, akulu anakhala pansi. Kundipha sakanatha, pakuti njira yophera ndinali nditaiswa. Anabwera pamsasa panga ndi madzi m'chikopa. A Sosin ndiwo anathira pamoto wanga, ndipo misozi inali m'maso mwawo inali yeniyeni.

"Waswa chinthu chimene sitingachibweze, mwana wa mlongo wanga. Anyamata athu tizidzawagunditsa chiyani pachifuwa?"

"Yatsala yambiri. Muziwagunditsa imeneyo."

"Tangonena kuti chisoni chinakusokoneza mutu. Zokhazo. Ine ndikakugwirira mwendo kwa akulu, mwina angakusiye ukhale kumapeto kwa misasa."

"Mutu wanga unali bwinobwino, amalume. Simunaone mmene muvi unalunjikira?"

Anapukusa mutu, n'kuthira madzi otsalawo ngakhale moto unali utazima kale.

Ndinatenga uta wanga, phodo, mpeni ndi zikopa zofunda. Ndinadutsa pamsasa wa Neitin n'kuitana dzina lake kamodzi. Chikopa cha pakhomo sichinagwedezeke. Anthu ankandiyang'ana, ndiye ndinayenda mutu uli chilili. Biur naye ananyamuka nane, kupita kwa mkazi wake. Lakur anatiperekeza mpaka pa kasupe uja, ndipo pobwerera anandisiyira nyama yofutsa.

Titatsala awiri Biur anayamba. "Alamu, moyo wangawu ndi wanu kuyambira lero."

"Ukhale nawo. Ine ndilibe pouika."

"Komabe mwandikhulupirira, eti? Pakuti mukanapanda..."

"Sindinanene zimenezo, ndipo sindinachitire iwe. Yenda patsogolo ndizikuona."

Anayenda patsogolo mpaka kuchidikha.

Anthu a nkhosa anandilandira ndi maso okayika. Chilankhulo chawo chinkamveka ngati munthu akulankhula ali ndi phala lotentha m'kamwa, ndipo nyumba zawo zadothi zinkandibanika. Apongozi a Biur anandipatsa ndodo kuti ndiziweta. Ndinaikolezera moto. Anakwiya, koma posakhalitsa anaona kuti nguluwe zikuwathera mbewu ndipo amuna awo ndi mauta anali ngati ana. Ndinayamba kudikirira nguluwe m'mphepete mwa minda m'bandakucha. Nyama tinkagawana, iwo n'kumandipatsa ufa ndi mkaka wouma. Phala ndinalizolowera, mkaka ayi. Ndinamanga msasa wanga wa nthambi kunja kwa mudzi wawo, n'kupeka moto wanga watsopano popanda kupempha munthu. Dzanja la Biur la kumanzere silinakwerenso kupitirira phewa. Anabereka ana, ananenepa. Tikakumana tinkapatsana moni, basi.

Zaka zinapita, imvi zinayamba. Tsiku lina ndikuwamba nyama ndinaona munthu akutsika njira ya kumapiri, akuyenda motsimphina pang'ono. Mayendedwe a Lakur ndikhoza kuwadziwa ngakhale m'nkhungu.

"Wakalamba, chemwali," anatero atafika.

"Inu ndiye mwasanduka mwana? Khalani pansi musanagwe."

Ndinamupatsa nyama ndi phala. Phalalo analinunkhiza n'kulikankhira kutali. Anandiuza za amene anamwalira ndi amene anabadwa. A Sosin anali akadali moyo, koma maso anali atachita khungu, ndipo nthabwala zawo zinali zomwe zija. Nswala zinali zitachepa. Kenako Lakur anapukuta manja pantchafu n'kufika pachimene anadzera.

"Kunabwera anthu a kunyanja ndi mwala wakuda uja. Tinawapatsa zikopa zambiri. Nsonga yatsopano yasemedwa, ndipo ndi yokongola, sungaisiyanitse ndi zinzake. Koma singalowe mumtolo pokhapokha wa moto wa Nalbe aiuzire mpweya, apepese makolo. Ukatero moto wako uyatsidwanso. Ubwerera kwanu, chemwali. Neitin wati adzakulankhula."

Sindinama, mtima wanga unadumpha. Ndinamva fungo la utomoni la kumapiri, ndinaona zinkhoma zitaima pamiyala m'mawa, ndinaona nkhope ya mwana wanga. Kuchidikha kuno ngakhale mphepo siidziwa kuwomba. Ndinatembenuza nyama pamoto kuti manja apeze chochita.

"Zaka zonsezi mwakhala ndi mtolo woperewera, dzuwa osaleka kutuluka. Lero mwaufuniranji wathunthu?"

Lakur anayang'ana pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo.

"Mukufuna kulasa ndani, achimwene?"

"Mnyamata wina. Sumudziwa, anali wamng'ono iwe ukuchoka. Anabwera ndi nkhosa kumisasa, akuti tiyambe kuweta."

"Ndipo pali amene wamwalira pafupi naye?"

"Msuweni wake anamira powoloka mtsinje. Anali awiri okha, iye ndi mnyamatayo."

Ndinachotsa nyama pamoto. "Mukawauze kuti mpweya wanga ndi wochepa, ndikupumira ndekha."

"Aunin, sadzakufunsanso. Udzafera kuno, adzakuika anthu osadziwa ndi kumasula nsinga komwe."

"Ndidzawaphunzitsa ndisanafe. Akakanika ndidzalasa amene ndidzalase."

Lakur anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Ndinawauza kuti udzatero. Ndinavomera kubwera kuti ndidzangokuona." Anakoka phala lija, n'kulawa ndi chala, n'kukwinya nkhope. "Mumadyadi zimenezi?"

"Tsiku lililonse. Nanga mwana wa Neitin?"

"Ndi mtsikana. Wamakani. Amaluma anzake, ndipo bambo ake akamukalipira amawayang'ana m'maso osaphethira."

"Musapite lero."

M'mawa mwake ndinapita kumtsinje kukadula nthambi yowongoka. Tsiku lonse ndinakhala ndikuipala ndi mwala, ndikuiwotcha pang'ono, ndikuipinda pabondo, Lakur atagona pamthunzi akundiuza kuti ndikulakwitsa. Nsinga ndinapota ya mtsempha wa nguluwe. Unali uta waung'ono, woti mwana n'kukoka, koma uta weniweni, wopha nkhwali. Ndinawonjezapo timivi ta nsonga za fupa.

Lakur anautembenuzatembenuza m'manja. "Tikir adzauthyola."

"Akathyola mubwere mudzatenge wina. Mitengo ilipo."

Anaulowetsa m'kati mwa chikopa chimene anavala, n'kumanga bwino lamba kuti usaonekere. Ndinamuperekeza mpaka pamene njira imayamba kukwera. Kumeneko ndinabwerera, pakuti mbewu zinali zitayamba kucha ndipo nguluwe yaikulu inali itaboola mpanda kumunsi kwa munda.